Mphaka Wokalamba Akadwala, Tisamtaye Kuthengo

M'masabata apitawa takhala tikukambirana m'danga lino za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, ziweto zimene munthu aliyense amadziwa mtengo wake. Sabata ino tiyeni titembenukire kwa ciweto cina cimene sicigona m'khola, sicigulitsidwa pamsika, ndiponso sicilipira mlandu pabwalo la amfumu, koma cimene cimalondera cimanga cathu usiku wonse ife tili m'tulo. Ndikunena mphaka, amene ena a ife timati cona, ena pusi. Funso lathu ndi ili: kodi mphaka amene watitumikira zaka zambiri akakalamba nagwidwa ndi matenda opatsirana, pakhomo pali amphaka ena, tiyenera kucita naye ciani?

Nkhaniyi sindinaitole m'mabuku mokha ai. Inacitika pakhomo pa azakhali anga, ndipo inatsala pang'ono kugawanitsa banja.

Cimene cinacitika ku Avondale

Azakhali angawo, mlongo wao wa atate, kwao ndi ku Katete, koma akhala mu Lusaka zaka zambiri. Anapuma nchito ya uphunzitsi ndipo amuna ao anamwalira. Nyumba yao ili ku Avondale, moyandikana ndi Chelstone, cakum'mawa kwa mzinda. Inu amene mumabwera pa basi kucokera ku Chipata kapena ku Petauke, mukapitirira Chongwe ndi mphambano yopita ku bwalo la ndege, mumadutsa pafupi ndi deralo musanafike pa Yunivesite ya Zambia.

Pakhomopo panali amphaka atatu. Awiri anali a zaka zisanu, obadwa mimba imodzi. Wacitatu ndiye anali nkhalamba, dzina lake Phulusa cifukwa ca ubweya wake wotuwa. Iyeyu anabwera ali kamwana m'caka ca 2011, malemu amuna ao a azakhali akali moyo. Pofika mwezi wa Juni 2024 anali ndi zaka 13, msinkhu umene kwa mphaka ulingana ndi munthu woyandikira zaka 70.

Cisanu ca caka cimeneco citakula, Phulusa anayamba kuonda ndipo ubweya wake unasiya kusalala. Ankafika pambale, kununkhiza cakudya, n'kubwerera osalawa. Malobvu anali kucuca pakamwa pake, ndipo bala limene analumidwa pakhosi ndi mphaka wina woyendayenda, amene ankalumpha mpanda usiku, linali kukana kupola. Poyamba azakhali anayesa kuti ndi ukalamba cabe. Koma patapita masabata awiri anamkulunga m'citenje, namuika m'dengu, napita naye kwa dotolo wa ziweto.

Dotoloyo anayang'ana m'kamwa napeza zilonda, ndipo nkhama zinali zotumbuluka m'malo mokhala zofiirira. Anatenga magazi pang'ono pamwendo nawadontheza pa kacipangizo kopimira, kakang'ono ngati kaja kopimira malungo kucipatala. Pasanathe mphindi 15 yankho linaoneka. Phulusa anali ndi kacirombo ka lukemiya ya amphaka, kamene madotolo amakachula mwacidule kuti FeLV.

Madzulo ake pakhomo panabuka mkangano. Msuweni wanga, mwana woyamba wa azakhali, atangomva mau akuti "kacirombo" ndi "magazi", anaimirira nati, "Amama, m'nyumba muno muli ana. Mawa m'mamawa ndimuika m'thumba, ndikamsiya kuthengo kupitirira Chongwe uko." Mkazi wake sanakonde nkhanza yotere, koma nayenso anali ndi mantha. Iye anati kuli bwino mphakayo atumizidwe kumudzi ku Katete akafere komweko, ndipo m'malo mwake kubwere kamwana ka mphaka kamene abale a kumudzi analonjeza mwana wao wamkazi.

Azakhali anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ana inu, usiku umene atate anu anatisiya nonsenu munali kutali. Amene anagona kumapazi kwanga masiku onse aja ndi uyu. Safunsa anadya phula. Tiyeni tiyambe tamva bwino za matendawa tisanagwire thumba."

M'mawa mwake ndinawaperekeza kubwerera kwa dotolo uja. Zimene ndinamva kumeneko, pamodzi ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake, ndizo ndikugawirani lero.

Matendawa ndi otani?

Kacirombo kameneka kanadziwika koyamba m'caka ca 1964, pamene katswiri wa matenda a ziweto, William Jarrett, ndi anzake pa Yunivesite ya Glasgow ku Scotland anali kufufuza cifukwa cimene amphaka angapo a m'nyumba imodzi anali kudwala khansa yofanana. Mau akuti lukemiya atanthauza khansa ya m'magazi, komabe si onse ogwidwa nako amene amafa ndi khansa. Kacirombo aka kamalowa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, mmene magazi amapangidwa, ndipo kamafooketsa citetezo ca thupi. Motero mphaka amacepa magazi, amatupa anabere, amacita zilonda m'kamwa, cimfine cosatha ndi kutsegula m'mimba kobwerezabwereza, ndipo tizilonda tating'ono timatenga nthawi kuti tipole. Mphaka wamkazi amataya mimba, kapena amabala ana ofooka amene amafa pasanathe masabata angapo.

Tsono mfundo yoyamba imene aliyense ayenera kuigwira ndi iyi: matendawa sagwira anthu. Sagwiranso agalu, nkhuku, mbuzi, nkhumba kapena ng'ombe. Kuyambira 1964 kufikira lero sipanapezeke umboni wakuti munthu anadwalapo cifukwa ca kacirombo aka, ngakhale pakati pa madotolo amene amagwira amphaka odwala tsiku ndi tsiku. N'zoona kuti kali m'banja limodzi lalikulu ndi kacirombo ka Edzi, ndipo ena mwa akatswiri amene anayamba ndi kuphunzira matenda a amphakawa, monga Max Essex wa ku Yunivesite ya Harvard ku America, anadzagwira nchito yaikulu pa kafukufuku wa Edzi mpaka ku Botswana. Koma cibale sikufanana. Mkango ndi mphaka nawonso ndi pacibale, koma palibe amene amaika mkango kulondera nkhokwe. Mwana angathe kusisita mphaka wodwala lukemiya, n'kusamba m'manja monga mwa masiku onse, popanda coopsa.

Amene ali pangozi ndi amphaka anzake. Kacirombo kameneka kamacuruka m'malobvu, kotero kamafala amphaka akamanyambitana, akamadyera ndi kumwera m'mbale imodzi kwa nthawi yaitali, ndiponso akalumana. Make amapatsiranso ana ake akali m'mimba kapena poyamwitsa. Koma kunja kwa thupi ndi kofooka kwambiri. Pamalo ouma kamafa m'maola owerengeka, ndipo sopo wamba amakapha. N'cifukwa cake citseko cotseka ndi mbale yakeyake zimateteza koposa mmene anthu ambiri amaganizira.

Dziwaninso kuti amphaka okumana ndi kacirombo aka sacita mofanana onse. Pali ena amene thupi lao limakagonjetsa n'kukacotseratu. Pali ena amene thupi limangokapanikiza, ndipo kamabisala m'kati kwa zaka zambiri osapatsira anzao, koma kangathe kudzuka mphakayo akakalamba kapena akafooka ndi nthenda ina. Ndiye pali gulu lacitatu, limene kacirombo kamakhazikika m'magazi moyo wonse. Awa ndiwo amapatsira anzao, ndipo ambiri a iwo amafa pasanathe zaka zitatu cipezekere nako, ngakhale ena osamalidwa bwino amapitirira pamenepo. Tiana ta amphaka ndito timagwidwa msanga koposa, pamene mphaka wamkulu amakhala ndi mphamvu yokana. Ndipo mphaka angathe kuoneka wonenepa ndi wosalala kwa miyezi yambiri ali kupatsira anzake. Paja amati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cifukwa ca magulu atatuwa, dotolo sakhulupirira kupima kamodzi kokha. Phulusa anapimidwanso mu Ogasiti, ndipo kacirombo kanali kakali m'magazi. Pamenepo tinadziwa kuti ali m'gulu lacitatu lija.

Njira zimene tinazikana

Tiyeni tsopano tiziyese njira zimene zinachulidwa usiku wa mkangano uja, pakuti ndi zomwezo zimene ambiri a ife tikadathamangira.

Kutaya mphaka kuthengo anthu amakuyesa cifundo, amati akadzionere yekha. Koma mphaka amene wakulira pakhomo, wokalamba, wa zilonda m'kamwa, sangathe kusaka. Amafa pang'onopang'ono ndi njala ndi ludzu, kapena amakhadzulidwa ndi agalu. Ndipo asanafe, njala imamtsogolera ku mudzi kapena ku famu imene ili pafupi, kumene amakalimbirana cakudya ndi amphaka a eni ake. Bvuto limene munalicotsa pakhomo panu mwalitula pakhomo pa munthu wosalakwa. Ngakhale nyama za kuthengo za mtundu wa mphaka zingathe kugwidwa nako. M'caka ca 2007 matendawa anapha amphaka a kuthengo osowa kwambiri m'nkhalango ya Doñana ku Spain. Ifenso tili ndi bvumbwe, amene ndi mbale weniweni wa mphaka wa pakhomo ndipo amakumana naye m'mbali mwa minda. Kumbukiraninso kuti dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama, mutu 245 wa malamulo a dziko lino, limene limaletsa kuzunza ciweto kapena kucisautsa popanda cifukwa.

Kutumiza mphaka wodwala kumudzi ndiko kuipitsitsa, ndipo apa ndifuna kuti inu a kumudzi muchere khutu. Kumudzi amphaka amayenda momasuka, wa khomo ili amadyera khomo ilo, ndipo aamuna amamenyana usiku cifukwa ca aakazi. Mphaka mmodzi wa kacirombo angathe kudwalitsa a mudzi wonse m'zaka zowerengeka. Amphaka akacepa, makoswe amasekerera, ndipo cimanga ndi nshawa zimene munabvutikira dzinja lonse zimathera m'nkhokwe. Motero mbale wanu wa ku Lusaka akatsika basi ndi mphaka wamkulu woonda m'katoni, nati wakubweretserani mphatso, mlandireni bwino mlendoyo, koma mfunseni mwaulemu cifukwa cimene mphakayo wacokera kutauni.

Nanga kubweretsa kamwana katsopano pakhomo pamene pali mphaka wa kacirombo? Kumeneko ndiko kuika udzu wouma pafupi ndi moto. Kamwana kamakonda kutsata wamkulu, kudya m'mbale yake ndi kugona pamimba pake, pamene thupi lake lilibe mphamvu yokana. Mdzukulu wa azakhali analira pamene anauzidwa kuti kamphaka kake kadzayembekeza kumudzi, koma ambuya ake anamuuza kuti, "Mdzukulu wanga, kuli bwino ulire lero cifukwa kacedwa, kusiyana ndi kudzalira caka camawa ukukakwirira."

Mmene anamsungira

Coyamba, amphaka awiri aja anapimidwa magazi, ndipo onse anapezeka alibe kacirombo. Popeza kuti kamatenga masabata angapo kasanaonekere m'magazi, anapimidwanso patapita mwezi ndi masiku cipatulidwire, ndipo analibe ndithu. Cinawathandiza n'cakuti anali aakulu kale, anali ofulidwa kotero sanali kukonda ndeu, ndiponso Phulusa cikalambire anali kukonda kukhala payekha. Koma mwai wotere si wouwerengera.

Caciwiri, awiriwo analandira katemera. Katemera woyamba wa matendawa anatuluka ku America m'caka ca 1985. Mphaka amalasidwa nyeleti ziwiri, yaciwiri patapita masabata atatu kapena anai, ndipo ina patapita caka. Tiana tingayambe kulandira tili ndi masabata asanu ndi atatu. Koma mvetsetsani zinthu ziwiri. Katemerayu saciza mphaka amene ali nako kale, n'cifukwa cake amayamba apima. Ndiponso sateteza mphaka aliyense kotheratu, kotero salowa m'malo mwa kupatula.

Cacitatu ndico cinali cacikulu: malo akeake. Kuseri kwa nyumba ya azakhali kuli khonde ndi kacipinda kosungiramo makasu ndi matumba. Msuweni wanga yemwe uja wa thumba, atamva zonse, ndiye anagula waya wa khola la nkhuku natseka khondelo, nakhomera matabwa m'munsi kuti amphaka asamanunkhizane kapena kunyambitana pa waya. Anasankha mbali imene imafika dzuwa la m'mawa, pakuti mafupa okalamba amafuna kuothera. M'kacipindamo anaika katoni ya bulangete lakale pamwamba pa thabwa, kuti mphaka asagone pa simenti yozizira. Cimbudzi cake cinali beseni lakale la mcenga, lodulidwa mbali imodzi kuti alowe wosalumpha, ndipo mcengawo unali kusinthidwa kawirikawiri.

Cacinai, mbale. Za Phulusa anazipaka penti yofiira kunsi kuti ngakhale mwana asazisokoneze. Zinali kutsukidwa pazokha ndi sopo ndi madzi otentha, nthawi zina ndi Jik wosungunula m'madzi, kenaka kutsukuluza bwino ndi kuyanika padzuwa. Lamulo la pakhomo linali lakuti amphaka athanzi ayambe kupatsidwa cakudya, wodwala pomalizira, ndipo wopereka asambe m'manja.

Cacisanu, cakudya. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yokha, ngakhale akhute, simpatsa mphamvu, makamaka akadwala. Phulusa anali kudya zofewa ndi zophika bwino: kapenta woviika ndi kuphika wopanda mcere, nyama ya nkhuku yonyenyanyenya, dzira lophika, ndi cakudya ca amphaka ca m'sitolo pamene ndalama zalola. Anali kumpatsa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, cofunda pang'ono kuti cinunkhire. Nyama yaiwisi, mkaka wosawiritsa ndi makoswe anamletsa, pakuti thupi lopanda citetezo siligonjetsa tizirombo tokhala m'zinthu zimenezi. Ndiwo zotsala zokhala ndi anyezi kapena adyo nazonso anamletsa, cifukwa zimaononga magazi a mphaka, pamene wodwala lukemiya magazi ake ndi ocepa kale. Madzi abwino sanali kusowa pambali pake, popeza impso za mphaka wokalamba zimafooka msanga.

Cacisanu ndi cimodzi, kuonana ndi dotolo pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, kapena msanga akasiya kudya. Mankhwala ocotseratu kaciromboka kulibe, koma zilonda za m'kamwa, cimfine, njoka za m'mimba ndi nthata zili ndi mankhwala, ndipo kuciza zimenezi msanga ndiko kumatalikitsa moyo. Phulusa atalandira mankhwala a m'kamwa ndi a bala lija, anayambanso kudya ndipo thupi linabwerera pang'ono.

Cotsiriza, ndipo musacipeputse: kupatula si kumanga m'ndende. Mphaka wozolowera anthu akasiyidwa yekha amakhumudwa, amasiya kudya, ndipo matenda amakula. Azakhali anasamutsira mpando wao ndi wailesi pakhonde lija, ndipo masana onse anali kusokera pamenepo, Phulusa ali pamiyendo. Mdzukulu akaweruka kusukulu anali kulowa kukampesa ubweya.

Ena adzati, nanga ife a nyumba ya zipinda ziwiri ku Kabwata kapena m'makomboni, tilibe khonde lotseka? Ngati kupatula kwakanikadi, citani zimene mungathe. Pimitsani onse, otsalawo alandire katemera, aliyense adyere pa yekha m'mbale yake, muwafule kuti ndeu icepe, wodwalayo asatuluke kunja kwa mpanda, ndipo musabweretse mphaka watsopano. Koma dziwani kuti ngozi yacepa cabe, sinathe. Njira ina yabwino ndi kupeza mbale kapena mnansi amene alibe mphaka wina, amene angamsunge wodwalayo m'nyumba, mutamuuza zoona zonse.

Kwa ife a kumudzi

Zopimira ndi katemera wa matendawa zimapezeka makamaka kwa madotolo a m'matauni. Mu Lusaka muli Sukulu ya Udotolo wa Ziweto ya Samora Machel pa Yunivesite ya Zambia, imene inayamba m'caka ca 1983 ndipo inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Pasukulupo pali cipatala ca ziweto. Mulinso bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, limene limasamala agalu ndi amphaka osowa pokhala. Kumudzi poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena ku ofesi ya za ziweto pa boma. Musacite manyazi kukafunsa za mphaka poganiza kuti iwo ndi a ng'ombe zokha.

Koma ngakhale popanda copimira, maso anu angakuthandizeni. Mphaka amene akuonda kwa miyezi, wa nkhama zotumbuluka, wa zilonda m'kamwa, wodwaladwala, mumuyese wokayikitsa. Mpatseni mbale yake, ndipo mumtsekere m'kanyumba kapena m'khichini losagwira nchito, makamaka usiku pamene amphaka amamenyana. Mphaka wamkazi amene ana ake amafa mimba iliyonse musagawe ana ake otsala kwa anansi. Mphaka watsopano, kaya wacokera kuti, ayambe wakhala payekha masabata angapo mukumuyang'anira asanasakanizidwe ndi anzake. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amacita mwa cifundo koma zimapha mphaka. Musampatse Panadol kapena mankhwala ena a mutu a anthu, pakuti ngakhale kacidutswa ka m'bulu umodzi kangathe kumupha. Musamsambitse ndi mankhwala a dibi la ng'ombe kapena a nkhupakupa za agalu, cifukwa ambiri mwa amenewa ndi ululu kwa mphaka. Ndipo mukathira mankhwala a makoswe, tolani makoswe akufawo muwakwirire mozama, mphaka asawadye.

Cenjezo lina lalikulu ndi ili: musasokoneze matendawa ndi ciwewe. Lukemiya imabwera pang'onopang'ono, kwa masabata ndi miyezi. Koma mphaka amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, wolusa, woluma popanda cifukwa, wocuca malobvu, wolephera kumeza kapena kuyenda, ameneyo angakhale ndi ciwewe, cimene cimapha anthu. Musamgwire ndi manja, dziwitsani mlangizi wa ziweto msanga. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kucipatala tsiku lomwelo. Pamene a za ziweto abwera kudzatemera agalu, makamaka pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira kulimbana ndi ciwewe pa dziko lonse, tengani ndi amphaka omwe.

Sindingatseke gawoli osanena za milomo ya anthu. Pamene anansi ena anaona kuti mayi wacikulire wamangira mphaka cipinda nakhala naye masana onse, manong'onong'o anayamba, ngakhale mu Lusaka momwe. Kumudzi zikadakula koposa. Abale anga, mphaka woonda ndi wodwala cabe, ndipo mayi womsamala ndi wacifundo cabe. Kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la za ufiti, mutu 90 wa malamulo a dziko lino. Amai athu okalamba ambiri amakhala okha, ana ali kutali ku nchito. Tisawalande ngakhale kaciweto kowasangalatsa.

Mapeto ake

Phulusa anakhala pakhonde lija caka cimodzi ndi miyezi iwiri. Masiku ambiri anali abwino: kuothera dzuwa, kuyang'ana mbalame pa waya, kugona pamiyendo ya azakhali. Mu Ogasiti 2025 magazi anacepa kwambiri, anasiya kudya ndi kumwa, ndipo kupuma kunayamba kumbvuta. Dotolo anauza azakhali mosabisa kuti mankhwala afika pothera. Iwo anabvomera kuti alasidwe nyeleti yogoneka, imene imatha moyo mwakacetecete popanda ululu. Imeneyi ndiyo njira yoyenera mphaka akafika pobvutika, osati thumba, mtsinje kapena cibonga. Msuweni wanga ndiye anakumba dzenje lakuya pansi pa mtengo wa mango.

Pambuyo pake anatsuka khonde ndi kacipinda ndi sopo ndi Jik, natentha katoni ndi bulangete. Amphaka awiri aja anapimidwanso, ndipo anali athanzi monga kale. Kamwana kaja ka kumudzi kanali katakula n'kukhala mlonda wa nkhokwe ku Katete, motero mdzukulu analandira kena, kamene kanayamba kapimidwa ndi kulandira katemera kasanalowe m'nyumba.

Ndikayang'ana m'mbuyo, zimene zinafunika sizinali zambiri: waya pang'ono, mbale ziwiri zopaka penti, sopo, ndi munthu mmodzi wolimba mtima kunena kuti tiyambe tafunsa. Palibe mphaka wa mnansi kapena wa kumudzi amene anadwala cifukwa ca pakhomo paja, ndipo ana a m'nyumbamo anaona ndi maso ao mmene nkhalamba yodwala imasungidwira. Tsiku lina azakhali anandiuza akuseka kuti, "Mwanawe, ine tsopano ndilibe nkhawa. Ndikadzafooka, msuweni wakoyu sadzafuna thumba, adzafuna khonde la dzuwa."

Amene muli ndi mafunso okhudza ziweto za pakhomo, pitirizani kutilembera. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka cimanga m'nkhokwe ndi njira zopewera makoswe ndi anankafumbwe.